Ku Dedza tayamba kugulitsa ndi mphepo yomwe

Anthu akamakamba za mmene pa Dedza boma pasinthira amakonda kuloza azungu. Eti azungu odzaona mapiri ndi amene aononga ana, ndi amene akweza mitengo ya zinthu, ndi amene achititsa kuti gule azituluka popanda maliro. Ine kwathu ndi komweko, mudzi wathu uli kuseri kwa phiri, ndipo olo ndimagwira ntchito ku Lilongwe kumudzi ndimapitapita, maliro, zinkhoswe, kukaona amayi, nde zinthuzi ndakhala ndikuziona ndi maso anga. Azunguwa tikuwasenzetsa katundu amene si wawo yense. Mzungu pa Dedza sakhalitsa, paja amati mlendo ndi mame. Amaima, kumwa khofi, kugula kapu yadothi, mwina kugona usiku umodzi, kukacha uyo watsetsereka pa Khwekhwerere ulendo wa kunyanja. Amene tikuisintha Dedza ndi ifeyo, Amalawi a mtauni amene tazindikira mochedwa kuti kumapiri kuno nkokongola ndipo tili ndi kandalama kogulira puloti.

Dedza boma ili pamwamba kuposa matauni ena onse m'Malawi muno, mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lija limakafika mamita 2,198. June ndi July kumazizira zoti madzi a m'ndowa umachita kuwaopa, ana popita kusukulu milomo yosweka, mapazi zikang'a zokhazokha, nkhungu itatseka osaona ndi nyumba ya aneba. Ife tikukula kuzizira kumeneku anali mavuto basi, palibe ankakuyamikira. Pano ukamva anzanga ku ofesi, akuti ku Dedza kuli kamphepo kabwino, munthu umapumako, umagona tulo. Kuchoka ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa M1, nde Lachisanu munthu akhoza kuweruka ku Capital Hill nkukadya mgonero mmunsi mwa phiri. Kalembera wa 2008 anapeza anthu opitirira pang'ono 20,000 pa bomapo, pofika 2018 anali atadutsa 30,000. Iyi ndi tauni imene kale ukamachoka kumsika kupita kuchipatala unkatopa ndi moni chifukwa aliyense amadziwa kuti ndiwe mwana wa ndani.

Komanso tisamanamizane kuti alendo ayamba dzulo. Kumunsi kuja ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la Kalonga, Pulofesa Yusuf Juwayeyi atakumba anapeza mikanda ndi mapale a mbale zochokera ku China, kusonyeza kuti katundu wa kutali ankafika kuno kalekale. Ndipo alendo amene anatigwedeza zenizeni anali a kutsidya kwa malire. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itavuta anthu anakhamukira kuno, dziko lonse linasunga othawa nkhondo opitirira 1 miliyoni, Dedza ndi Ntcheu ali m'gulu la maboma amene analandira ambiri. Ambiriwo anali Achewa ndi Angoni anzathu a ku Angonia, ena abale enieni, paja malire ake pena ndi msewu chabe, pa Lizulu ukangowoloka tala wagula kabichi dziko lina. Pambuyo pawo panabwera mabungwe, magalimoto oyera, ntchito za ulonda ndi ukalaliki, ndipo mitengo ya m'mapiri inavutika poti anthu onsewo ankafuna nkhuni ndi zomangira. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ambiri anabwerera kwawo. Mpaka lero boda ija ndi imene ikudyetsa makomo ambiri kuposa mapanga onse a zojambula zakale a ku Chongoni, mathiraki a ku Tete ndi ku Beira, mabasi a ku Johannesburg, osintha ndalama, anyamata a kabaza pa njinga zamoto zogula kutsidya. Zimenezo sizilembedwa pa timapepala toitanira alendo koma ndiye Dedza yeniyeni.

Chimene chinaika Dedza pa njira ya alendo odzaona malo ndi Dedza Pottery, inayamba mu 1987. Anthu oyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre anapeza poima, kugula makapu ndi mbale zojambulidwa nsomba ndi milambe, kudya keke, kenako panabwera ndi zipinda zogona. Yalemba anthu ntchito kwa zaka zambiri ndipo pali ana amene aphunzira sukulu ndi ndalama ya dongo. Koma pali kanthu kamene kamandichititsa chidwi. Kumudzi kuumba inali ntchito ya amayi. Agogo anga aakazi ankadziwa dambo lake lotapa dongo labwino, kuliponda, kuumba mtsuko kapena nkhali ndi manja, kusalaza ndi chitsononkho ndi kamwala, kuyanika pamthunzi kenako kuwotcha ndi makungwa, ndipo mwamuna sankayandikirapo, zinali zochititsa manyazi. Dongo lomwelo litayamba kukhala ndi malipiro a pamwezi, makina ozungulira ndi uvuni, abambo tinalowapo bwinobwino osachita manyazi. Mbiya ya agogo inagonja kwa chigubu ndi ndowa ya pulasitiki, pomwe kapu yadothi inakwera nkukhala mphatso yopita nayo ku London. Zimenezi muzidzaziona paliponse pamene chinthu cha m'mudzi chayamba kulowetsa ndalama, amene amachidziwa ndi amene amalandira kawirikawiri sakhala munthu mmodzi.

Nde bwerani ku maloji amene amera ngati bowa zaka zapitazi. Funsani wophika aliyense kuti amadya ndani nsima ndi nkhuku yalokolo Lachiwiri masana, si mzungu wa chikwama kumsana ayi. Ndi wekishopu. A boma, a mabungwe, a mipingo, anthu amene akufuna achoke pang'ono ku Lilongwe kuti alawansi ituluke, ndipo Dedza, Mponela ndi Salima ndi kumene kuli pafupi. Wikendi kumabwera a ukwati kudzajambulitsa, magulu a achinyamata odzakwera phiri atavala zofananafanana, ndi ena obwera awiriawiri amene sitiwafunsa mafunso. Covid-19 itafika mu 2020 ndege zinasiya kubwera, ndipo zinaoneka poyera kuti amene anapirira ndi amene makasitomala awo anali a konkuno.

Ntchito za m'malojimu malipiro ake ndi ochepa, tisakokomeze. Koma ndi ndalama yobwera mwezi ndi mwezi, ndipo m'mudzi umene ndalama imaoneka kamodzi pachaka akakumba kachewere, imeneyo imasintha kakhalidwe ka pakhomo. Mtsikana woyala mabedi amene amatumiza ya feteleza pa Airtel Money kapena Mpamba, pa zokambirana za banja sakhalanso kukhitchini, amafunsidwa maganizo, pena ndi atsibweni omwe amayamba amuimbira foni asanagamule. Mnyamata amene akanakhala mkamwini wolima munda wa apongozi nkumayang'aniridwa kuti wadzuka nthawi yanji, pano akangopeza ulonda kapena kanjinga ka kabaza amakachita lendi kachipinda pa boma nkutenga mkazi wake. Si chitengwa chenicheni poti sanapite naye kwawo kwa mwamuna, si chikamwininso, ndi banja la pa lendi basi, ndipo likavuta ankhoswe amachita kukwera njinga kukalipeza. Amayi akuluakulu amadandaula kuti zidzukulu zikukulira kutali ndi mbumba, sizikudziwa manda a kwawo. Anyamatawo ukawafunsa amangoseka, amati bola lendi kusiyana ndi kuwerengeredwa nthongo. Ine mbali imeneyi sindiwaweruza, aliyense amene anaona mkamwini akuthamangitsidwa ndi kachikwama kamodzi mkazi atamwalira akudziwa chimene akuthawa.

Pamene pakupweteka kwambiri ndi pa malo. Kwathu munda umayenda kuchikazi, ndi wa mbumba, atsibweni ndi oyang'anira chabe, amfumu ndi osunga. Kale munthu wobwera ankapempha malo, amfumu nkumuloza poti amange, iye nkuthokoza ndi nkhuku, ndipo akachoka malowo ankabwerera kwa eni. Mawu oti kugula munda kunalibe. Lero m'mbali mwa phiri ndi m'mphepete mwa msewu, kulikonse kumene ukaima umaona chigwa mpaka ku Mozambique, kuli anyamata amene ntchito yawo ndi kuloza mapuloti, ukangotsika galimoto nkuyang'ana uku ndi uku afika kale, "bwana, malo alipo, mapepala ali bwinobwino." Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anthu a mtauni anaonjeza liwiro, aliyense akuti ndalama kubanki ikusungunuka bola kuikwirira m'dothi. Wogulitsa nthawi zambiri ndi mwamuna, atsibweni kapena mchimwene wamkulu, amene mwamwambo mundawo si wake. Amasaina pa kapepala, mboni ziwiri, chidindo cha amfumu ndi kenakake kawo, alongo ake amadzamva tsiku limene thiraki yabwera kudzatsitsa njerwa.

Pali puloti ina panjira yopita kudimba kwathu imene ndimaiona ulendo uliwonse. Anamanga fensi ya njerwa kuzungulira, geti lachitsulo lofiira, mkatimo muli fawundeshoni yokha ndi mulu wa mchenga umene wamera udzu. Mwini wake akuti adzamanga loji, zaka zikungopita akunenabe zomwezo. Njira yachidule imene amayi ankadutsa ndi madengu a mpiru inathera pa fensipo, pano amazungulira kukadzera kumsewu, ndipo nthawi ya dzinja ndi matope okhaokha. Mlonda wa pamalopo ndi mdzukulu wa gogo amene ankalima mundawo. Amagona m'kanyumba ka malata pakona, ndipo bwana anamulola kuti azidzalamo chimanga ndi nyemba podikira chitukuko. Nde mnyamata akulima munda wa agogo ake omwe, mizere yomweyo, chulu chomwecho, koma mwachifundo cha munthu wa ku Area 47 amene amabwera kamodzi pakanthawi kudzajambula zithunzi. Ukamufunsa sadandaula, akuti bola iye ali ndi ntchito, asuweni ake anangodya ndalama ija nkutha, wina anagula njinga yamoto imene inagwidwa pa rodibuloko.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linabwera ndi nkhani yolembetsa malo ndi makomiti a m'midzi, ndipo limati mwa anthu 6 osankhidwa mu komiti osachepera 3 akhale amayi. Papepala zili bwino. Koma kulembetsa kumafuna dzina, ndipo munda wa mbumba ulibe dzina limodzi, ndi wa amene anafa, amene alipo ndi ana a ana aakazi amene sanabadwe. Ukangolembapo dzina la munthu mmodzi wausandutsa katundu woti akhoza kugulitsidwa kapena kukapinyolitsa.

Ku mapanga nkhani yake ndi yomweyo koma yavala malaya ena. Chongoni inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo amene alendo amafikako kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zofiira zija, mizere, madontho ndi zozungulira, ndi za Akafula, amene timawatchanso Abatwa, anthu osaka amene Achewa anawapeza kuno. Zoyera ndi za makolo athu, zina zokhudza nyau, zina zooneka ngati nyama yotambasula miyendo zimene ofufuza amati zinkagwira ntchito pa chinamwali cha atsikana. Tsono taganizani, zinthu zimene namkungwi ankaphunzitsira anamwali kumalo kobisika, lero amene akuzifotokoza ndi mnyamata wa MSCE wodziwa Chingerezi, ataima ndi kandodo, akuuza alendo zimene anawerenga kapena kumva kwa ofufuza. Sindikumunyoza, anyamatawa ndi amene amateteza malowa kwa ana olemba maina awo ndi makala ndi anthu osonkha moto m'phanga, ndipo kandalama kamene amapeza nkochepa. Koma mayi wachikulire amene mwina akudziwa nyimbo yake ya chithunzicho amadutsa chapatali ndi mtolo wa nkhuni, safunsidwa, ndipo olo atafunsidwa sanganene, si zokamba pagulu pali amuna. Nde zimene alendo amapita nazo kwawo ndi zimene zikhoza kunenedwa, zenizenizo zimatsala, ndipo zikutha limodzi ndi eni ake poti chinamwali cha masiku ano ambiri amachitira kutchalitchi.

Za gule anthu amakangana mpaka kutukwanizana. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amati ndi chuma cha dziko. Akuluakulu a kudambwe ena amati chilombo chimatuluka pa maliro, pa chiliza, polonga ufumu, pa chinamwali, osati poti basi ya alendo yafika ndipo apereka ya sopo. Ena amati nanga nsalu, utoto ndi nthenga zigulidwa ndi chiyani, anyamata akapanda kupezapo kanthu athawira ku kabaza gule nkufa. Ine ndimangokumbutsa kuti gule anayamba kuvina pa misonkhano ya ndale kalekale nthawi ya Kamuzu, ndipo mpaka lero kampeni ikafika zilombo zimakwera lole. Amene anaphunzitsa gule kuvinira envelopu si mlendo wa kamera. Ndipo zinsinsi zimene zatuluka chifukwa cha mafoni athu omwe, pa TikTok ndi pa Facebook, ana ojambula mpaka kumene sikuyenera kujambulidwa, nzambiri kuposa zimene mzungu aliyense anaonapo.

Ku Mua ndi kumene mutu umazungulira bwino. Mishoni ija anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri mpingo ndi nyau anali pa chidani choopsa, kulimbirana ana, sukulu uku dambwe uku, wolowa gule kumuletsa masakramenti. Pamalo pomwepo mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema, ndipo lero nyumba ya Chamare ikusunga nkhope za gule mazanamazana, osema ziboliboli a m'midzi yozungulira akudya ndi luso lawo. Ena amati anapulumutsa zinthu zimene zikanatayika, ena amati zoterezi siziyenera kupachikidwa pakhoma kuti osameta aziziona. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo ndipo sindikuona kuti adzagwirizana. Chimene chimandiseketsa nchoti gule mwini wake wakhala akuwaphunzira alendo kuyambira kale. Simoni uja wa nkhope yofiira ndi mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya anachokera kutchalitchi, kuli zilombo za galimoto ndi zina zotengera zinthu zobwera. Anthu a kuyunivesite amabwera ndi makope kudzalemba za ife, koma kudambwe anayamba kale kulemba za iwo, kungoti amalemba ndi nkhope ndi mavinidwe. Sindidzadabwa tsiku lina kuona chilombo chatuluka chitanyamula botolo la madzi ndi kachikwama ka laputopu chikufunsa alawansi.

Phiri la Dedza lenilenilo likuvutika. Paini amene anadzalidwa kale uja wadulidwa malo ambiri, moto chaka ndi chaka, macheka, makala, ndipo amene amakwera Loweruka kukajambulitsa pamwamba paja pali minongoti ya mafoni amasiya mabotolo ndi mapepala a bisiketi njira yonse. Makala omwewo ndi amene timaimitsa galimoto nkugula thumba pobwerera ku Lilongwe, pamodzi ndi kachewere wa pa Bembeke, uku tikudandaula m'galimotomo kuti anthu akumudzi akuononga chilengedwe.

Kwathu nkhani ili pa dimba la kumunsi kwa mtsinje. Pabwera munthu akufuna kugula kuti amangepo malo opumulira anthu, akuti madzi ndi miyala yake nzokongola, ndipo ndalama imene watchula ndi yoti atsibweni sanaigwirepo chibadwire. Iwo akufuna, akuti akalamba, mawondo atha, adzadya liti thukuta lawo. Amayi aang'ono akana kwamtuwagalu, akuti dimbalo ndi limene limatidyetsa chimanga chikatha mu January, ndipo ana awo aakazi adzalima kuti. Achinyamata agawikana, ena akuona ntchito pa lojipo, ena akuti tilembetse malowo m'dzina la alongo onse kuti asadzagulitsidwe mwakabisira, koma palibe akudziwa kuti zidzukulu zikadzachuluka pepalalo lidzatanthauza chiyani. Ife a mtauni atiuza kuti tisonkhe ya thiransipoti ya asaveya, ndipo amfumu aitanitsa banja lonse tikangomaliza kukolola. Wogula uja akuti sadikira mpaka kalekale, kuli dimba lina kutsidya kwa mtsinje limene eni ake avomera kale.